Tebulo la Achemwali a Fulora

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene Ada, bambo anga, anayamba kupanga tebulo lija, ndipo pa Nkhata Bay ponse panalibe mwana wosakhazikika ngati ine. Ama ankati m'diresi mwanga muli linthumbu.

Ada anali kalipentala wa pakhomo. Shedi yawo inali kuseri kwa nyumba, panjira yotsikira ku Chikale, ndipo matabwa asanu a mlombwa anakhala m'menemo chaka chathunthu akuuma. Ine zinkanditopetsa. Thabwa n'thabwa, n'kulilereranji ngati khanda?

Anthu akafunsa, Ada ankati tebulolo n'la bwana wina wa kuboma. Zoona zake anauza ine ndekha, tsiku lina ndikuwagwirira thabwa iwo akupala. "Esinati, ili n'la achemwali ako a Fulora. Likwera nawo sitima ukwati ukatha. Usauze munthu, wamva?" Achemwaliwo ankakwatiwa ndi kalaliki wa ku Monkey Bay.

Kutatsala sabata imodzi kuti ukwati uchitike, Ada anaphika guluu m'chitini, fungo lake ngati chikopa chowola, n'kulumikiza matabwa onse asanu pamwamba pa timabenchi tiwiri. Zopanira zachitsulo analibe. Anazunguliza zingwe ziwiri za khonje, n'kuzipota ndi kamtengo mpaka matabwa atalumana, guluu akufinyika m'mizere. "Kuno n'kwa chinyezi," anatero. "Masiku awiri, osakhudza."

Mawa lake ayufi anatseka msika n'kukusira akuluakulu onse kumsonkhano wa chipani. Ndinatsala ndekha. Ndinasesa, ndinatsuka mbale, ndinalowa m'shedi katatu. Ndinadina guluu uja ndi chikhadabo: gwaa! Ndiye tikudikira chiyani? Kenako anzanga anabwera kuti tisewere jingo, koma chingwe tinalibe. Ndinamasula choyamba, sipanachitike kanthu. Poti chinali chachifupi, ndinamasulanso chinacho.

Thabwa la m'mphepete linapendekeka pang'onopang'ono, ine ndikuona, n'kugwera pamwala wonolera. Phwaa! Linang'ambika kuyambira uku mpaka uko. Guluu wa m'kati anali akadali phala. Anzanga anabalalika.

Ada atabwera anaima nthawi yaitali pakhomo pa shedi.

"Ndi yani?"

"Ndine, Ada."

Ndinadikira lamba, koma sanavule. Anandipatsa chibenthu cha botolo kuti ndipale guluu yense m'matabwa anayi otsalawo. Ndinapala mpaka zala zinachita matuza. Ndinawachonderera kuti angolumikiza anayiwo, iwo anapukusa mutu. Miyendo ndi mafelemu anali atayezera matabwa asanu, ndipo mlombwa wina wouma kunalibe. "Tidikira chaka," anatero. "Ndipo za lero zithere muno m'shedi."

Tsiku la sitima, achemwali anakwera ndi sutikesi ndi mphasa basi. Pajeti pokwerera sitimayo ndinamva azakhali akunong'onezana kuti kalipentala wamtundu wanji wotulutsa mwana wopanda ngakhale kampando. Mtima unandiwawa kwambiri. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule, koma dzanja la Ada linandifinya paphewa, ine n'kumeza mawu.

Chaka chimenecho ndiye ndinazunzika. M'mawa uliwonse ndinkakagogoda thabwa latsopano kuti ndimve ngati lauma. Tebulo linatha, lokongola, lofiirira, lolemera moti amuna anayi ankabuula polinyamula. Koma pofika nthawiyo alamu anali atatchulidwa pa nkhani za ndale, ndipo iwo ndi achemwali anali atathawira kunja. Makalata anasiya kubwera. Dzina lawo tinkalitchula motsitsa mawu. Ada sanalole kuti tebulolo ligulitsidwe, ndipo anamwalira lili m'nyumba mwathu.

Achemwali anabwerera ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, imvi zili mbuu. Atachoka kumanda a Ada anakhala patebulo paja akumwa tiyi, ndipo ine ndinafotokoza zonse: chingwe, jingo, mwala. Ndinkayembekeza kuti andikalipira. Iwo anaika kapu pansi.

"Mwe, Esinati! Zaka zonsezi ine ndinkati Ada ananditulutsa chimanjamanja chifukwa sanamufune mwamuna wanga. N'chifukwa chake ngakhale njira itapezeka sindinawalembere."

Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti phunziro langa linali la kudekha, loti kuthamanga sikufika. Lero ndikuona zina. Ada analola kuti mwana mmodzi awaone ngati ouma mtima kuti mwana winayo asalozedwe chala pakati pa abale. Anaganiza kuti kudzakonza zimenezi n'chaka chimodzi chokha, ngati thabwa. Ine ndinali ndi pakamwa pajeti paja, ndipo tsiku lokhalo limene phuma langa likanathandiza, ndinakhala chete.