Galimoto Yofiira pa Laputopu ya ku Ntchito

Uthenga wa alamu anga unali waufupi. Loweruka abwera naye mwana wanga ku boma, andisiyire m'mawa, madzulo adzamutenge. Zoti adzabwerenso tsiku lina kapena ayi, anati adzanena yekha mwanayo, chifukwa iwo sakakamiza mwana.

Ine kwathu ndi ku Dowa. Ku Phalombe ndinabwera ndi ntchito ya ulangizi wa zaulimi, ndipo ndinakwatira ku Mkhumba. Banja litatha ndinanyamula chikwama changa, mwana wathu wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi n'kutsala ndi amayi ake, womuyang'anira n'kukhala mchimwene wa amayi akewo, alamu angawo. Sindinatsutse, mwambo ndinkaudziwa. Koma ulendo womaliza umene ndinapita kukamuona, anandigwadira patali ngati mlendo wa ku tchalitchi, kenako n'kuzemberera kuseri kwa nyumba. Zinandipweteka kwambiri.

Chomukopera ndinali nacho chimodzi basi. Kale tili limodzi tinapita kwa msuweni wanga ku Limbe, ndipo kumeneko anaona gemu ya mpikisano wa magalimoto pa kompyuta. Pochoka analira njira yonse mpaka mu minibasi. Chimbale cha gemuyo ndinachipeza, koma chinkafuna Windows, pamene laputopu imene anandipatsa ku ntchito inkayendera pulogalamu ina, ya Linux. Woyang'anira makompyuta athu anali atachenjezeratu kuti amene achotse Linuxyo akafotokoza yekha ku likulu.

Mnzanga wina, mphunzitsi wa makompyuta pa sekondale, anandiseka kaye mpaka kutsokomola.

"Achimwene, ndevu zonsezi mukufuna gemu?"

Nditamufotokozera anasiya kuseka. Anandiikira pulogalamu ina imene imamanga kompyuta yongoyerekeza m'kati mwa kompyuta yeniyeni. Windows imalowa m'menemo, n'kumaoneka pa kawindo kakekake, Linux ili chikhalire. Anati mphamvu za makina mwini wake ndi Linux, Windowsyo ingodya zimene wapatsidwa. Ndinamuuza kuti asavutike kufotokoza, ine ndinakhalapo mkamwini, kamunda kochita kukudulira ndikukadziwa.

Mlungu umenewo ndinavutika. Ndikaipatsa Windows memore yochepa, ndiye kuti mphamvu zochepa, galimoto inkayenda ngati ngolo m'matope. Ndikawonjezera, laputopu yonse inkauma gwa, ngakhale mausi osasuntha, ine mtima uli phaphapha poganiza kuti ndawononga katundu wa eni. Phokoso la injini linkatuluka moduladula. Kunali kotentha, mwezi wa Okutobala, ndipo kafani ka m'kati kankalira mpaka ndinaikhazika laputopuyo pa njerwa ziwiri kuti mphepo izidutsa pansi. Ndinaitukwana, sindinama. Ndinachotsa mithunzi ya mitengo, ndinachotsa utsi, ndinachepetsa kawindoko mpaka kanatsala ngati chikhatho changa. Pofika Lachisanu galimoto inkayenda ndithu, koma mwaulesi wochititsa manyazi.

Loweruka mwana wanga anafika atakwera pa kaliyala ya njinga ya amalume ake, atavala diresi ya ku tchalitchi. Anali atatalika. Alamu anandipatsa moni, n'kunena kuti akupita kumsika.

Mwanayo anakhala m'mphepete mwa mpando, manja pamiyendo. Tiyi anakana. Ndikafunsa za kusukulu ankayankha kuti "eya" kapena "ayi", maso ali kukhomo. Ndinayatsa laputopu, kenako Windows ya m'katimo, ndipo inatenga nthawi yake yonse ngati ikudziwa kuti ndili pamoto. Mumtima ndinkangopempha kuti magetsi asazime, chifukwa batire yake inali yotha kale.

Magalimoto ataonekera, mwanayo anasendera pang'ono.

"Sankha yako, mami," ndinatero.

Analoza yofiira. Ndinamuonetsa mabatani anayi, loyendetsera, loimitsira ndi awiri okhotera. Galimoto inanyamuka monyinyirika, ine manyazi n'kundigwira.

"Imayenera kuthamanga kuposa apa. Makinawa ndi ofooka, pepa."

"Ikathamanga ndigunda," anatero, osandiyang'ana.

Amenewo anali mawu ake oyamba athunthu tsiku limenelo. Ndipo ankanena zoona, ulesi wa galimotoyo unkapatsa tizala take mpata wokhota. Anagundabe mpanda kangapo. Ulendo wina analowa m'dambo n'kuseka, kuseka kwenikweni kotulutsa mano. Ndinayang'ana kumbali kuti asaone nkhope yanga.

Chakumasana kawindo kaja kanada bii. Ndinadina apa, ndinadina apo, palibe. Ndinazimitsa zonse n'kuyambiranso, ndipo pamene tinkadikira, iye anabweza manja pamiyendo paja.

"Amalume abwera nthawi yanji?"

"Posachedwa. Taona, ikubwera."

Sinali kubwera. Ndinkangoyankhula zilizonse, za nkhuku za aneba, za mango. Ndinkaopa kuti akanyamuka pampandopo ndiye kuti zathera pomwepo, akanena kwawo kuti kwa abambo kulibe kanthu. Kenako gemuyo inayaka. Tinadya mpunga ndi matemba a ku Chilwa, iye akudya ndi dzanja limodzi, linalo lili pa mabatani.

Alamu anabwera msanga kuposa mmene ndinkayembekezera. Mitambo inali itatseka phiri la Michesi, ndipo anati sakufuna mvula iwapeze panjira ndi mwana. Nthawi imeneyo n'kuti galimoto yofiira ili patsogolo pa onse koyamba tsiku lonselo, mpikisano utangofika pakati.

"Tiye, nyamuka," anatero alamu ali pakhomo.

Mwanayo anachotsa zala pa mabatani nthawi yomweyo. Amalume satsutsidwa.

Mphunzitsi uja anali atandiuza kuti kompyuta yongoyerekezayo ungathe kuiimitsa mmene ilili, n'kudzaitsegula tsiku lina zonse zili pomwe unasiyira. Sindinali nditayesapo gemu ili m'kati. Ndinadina pamenepo. Kawindo kanauma, galimoto ili pakona, kenako kanatsekeka.

"Sinazime," ndinamuuza. "Galimoto yako yaima pomwe paja, anzako onse ali kumbuyo. Ikudikira iwe."

Anandiyang'ana m'maso kwa nthawi yaitali. Anatuluka, n'kukaima pafupi ndi njinga, n'kuyamba kuyankhula ndi amalume ake m'Chilomwe, motsitsa mawu. Zaka zonse zimene ndinakhala ku Mkhumba Chilomwe changa chinathera pa moni. Ndinaima pakhonde ngati chitsa, mwana wanga yemwe akunena za ine, ine osamva.

Alamu anamanga kaye thumba lawo kutsogolo kwa njinga, n'kuyesa matayala ndi chala.

"Akuti chiyani, alamu?" ndinafunsa.

"Akuti musaikhudze. Akuti inu simutha kukhota, muigwetsera m'dambo."

"Ndiye kuti..."

"Ndiye nditani ine, alamu? Galimoto ya mwini yatsala panjira. Loweruka tibwera."

Ananyamuka mvula itayamba kudontha. Ndinalowa m'nyumba n'kukhala pansi, misozi ikungotsika. Laputopuyo ndinaikulunga m'chitenje n'kuiika pamwamba pa kabati, ndipo mlungu wonsewo malipoti a ku ntchito ndinalemba pamanja.