Tochi ya m'balani la fodya

Chaka chimene ndinatopa nazo zopanga matochi, bambo anali akuyang'anirabe moto m'mabalani a fodya pa famu ina kufupi ndi Darwendale. M'balani mumakhala mdima ngakhale dzuwa lili paliwombo. Iwo ankalowamo, n'kuwerenga nambala pa choyezera kutentha cholendewera pakati pa masamba, kenako n'kuuza osonkheza moto kuti awonjezere nkhuni kapena achepetse. Ukaphonya nambala, fodya amapsa. Nyumba imene tinkagona m'komboni inali ya ntchitoyo, ndipo ku Malawi kumene agogo anachokera tinkangokumva m'nkhani. Bambo akanachotsedwa, kolowera kunalibe.

Foromani anali atawachenjeza kale balani lina litapsereza fodya. Bambo anati vuto ndi matochi a m'sitolo, owala bwino tsiku loyamba, lachitatu ayamba kuphethira.

"Iwe umakonza mawailesi a anthu," anandiuza, "ulephera kupangira bambo ako kamuni?"

Ndinavomera msanga, poti ndili ndi matama pa zamawaya. Mabatire ndinachotsa m'nyale zakufa za sola, tibabu ta LED ndinali nato kale. Chovuta ndi kabolodi kamene kamakhala pakati pa batire ndi babu, kogawira babu mphamvu yofanana batire likamatha. Ndinali nato titatu tosiyana, ndipo sindinkadziwa kabwino ndi kati.

Ndinayamba kuyesa. Ndinkayatsa tochi, n'kuivundikira ndi ndowa yobowola pamwamba, pansi nditayala nyuzipepala ya tizilembo ting'onoting'ono. Ola likatha ndinkasuzumira pabowo kuona ngati tizilembo tikuwerengekabe, n'kugunditsa mita yoyezera magetsi pa mawaya. Mkazi wanga ankafunsa ngati ndowa yake nayo yalembedwa ntchito. Kabolodi koyamba kanafooka chakudya chamasana chisanapse. Kachiwiri kanandiwotcha chala. Kachitatu kanapirira mpaka madzulo, ndipo ndinakaika m'paipi yapulasitiki n'kupatsa bambo ndikudzimva ukatswiri.

Patapita masiku awiri anabweza tochiyo itazima.

Kupusa kunali kwanga. Ndinayesera pamthunzi wa khonde, pomwe m'balani mumatentha ngati mu uvuni. Guluu anasungunuka, kabolodi n'kufa. Ndinayambiranso, ulendo uno ndikupachika matochi m'balani momwemo pamitengo yoyanikapo fodya. Ndinadula chivundikiro cha poto wakale n'kumatika kumsana kwa kabolodi kuti chizimwa kutentha. Ndinkalowa ndi mita, thukuta likulowa m'maso, n'kutuluka mutu ukuwawa. Osonkheza moto ankandiseka, kufunsa za tsikulo m'chilankhulo chosakaniza cha pafamupo. "Ko injiniya, nhasi zabwanji? Kuona maso a nkhono n'kudekha!" Ndinali nditatopa mpaka m'mafupa, ndipo bambo ankabweza tochi iliyonse ndi mawu omwewo, akuti siyikuwala mokwanira.

Sabata yachitatu ndinapeza yopirira. Inayaka kuyambira belu lam'mawa mpaka belu lowerukira madzulo, singano ya mita osagwedezeka. Sindinafune kungomva za m'kamwa, choncho tsiku lotsatira masana ndinalowa ndi bambo m'balani.

Anaunikira choyezeracho. Ine ndili kumbuyo kwawo, nambala ndinkaiona bwinobwino, ngakhale timizere tating'ono tapakati. Iwo anasendera pafupi, nabwerera m'mbuyo, napukuta galasi ndi malaya.

"Nayonso ili ndi mdima, mwanawe."

"Bambo, ikuti bwanji nambalayo?"

Anatchula nambala. Inali kutali ndi yoona, kutali kopsereza balani lonse. Ndinawalanda tochi n'kuwaunika kumaso, chinthu chimene mwana sachita kwa bambo ake. M'maso monse muwiri munali mtambo wotuwa.

Ndinapsa mtima, sindibisa. Masabata atatu ndikuwotcha zala, ndikusiya mawailesi a anthu, kulimbana ndi mdima umene sunali m'tochi. Koma mkwiyowo sunakhalitse, unasanduka chisoni cholemera chimene ndimachimvabe ndikamva fungo la fodya wouma.

"Munkadziwa?"

"Kuyambira dzinja latha," anatero chapansipansi. "Ndimati mwina ukapanga yowala kwambiri." Anasuzumira kukhomo. "Foromani asamve. Basa likatha, ntchito palibe, amai ako agona kuti?"

Ndinaunikiranso choyezeracho. Kunja osonkheza moto anali kudikira, nkhuni zili m'manja.

"Ikuti bwanji?" anandifunsa bambo.

Ndinawawerengera. Anabwereza nambalayo kawiri, nakonza chipewa, natuluka. Ndinawamva akulamula kuti moto uchepe, ndi mawu awo amphamvu a masiku onse, ndipo anthu anathamanga kukachita zomwezo.

Nyengo yonseyo ndinkayenda nawo balani ndi balani, maola atatu alionse. Foromani atandifunsa chimene ndinkafunamo, ndinati ndikuyesa matochi.