Mayi wa nkhope yobiriwira

A Sizisuluka anali opaka penti, ndipo dzinalo analipeza pa ntchito. Akamaliza nyumba ankapukuta manja pa ovolosi n'kunena kuti, "Zanga sizisuluka," mpaka anthu anaiwala dzina lawo lenileni. Sankanama ayi. Khoma ankalipala kaye, kulitsuka, kumata ming'alu, kenako kulipaka kawiri, ndipo mwini nyumba wa phuma ankangodzivuta yekha. Zaka makumi atatu zinatha popanda munthu wobwera kudzadandaula. Chuma chawo chinali chomwecho: makwerero, mabulashi asanu ndi mbiri yabwino.

Koma anali ndi kakhalidwe kamene akazi awo ankakaseka. Akapeza chithunzi chakale pakhoma, kaya m'bala kaya mometera tsitsi, ankatembenuza chidebe n'kukhalapo, maso dwii, ntchito itaima.

"Anzanu amapita kukapaka, inu mumapita kukaonerera," ankatero mayiwo.

"Munthu anatuluka thukuta pamenepo. Ndimufufute osamupatsa moni?"

Akatero ankafufutabe, pakuti ntchito ndi ntchito.

Tsiku lina anawaitana mayi wachitsikana amene ankatsegula sitolo ya mafoni m'chipinda chimene kale munali telala. Atachotsa kabati yakale, kuseri kwake kunapezeka chithunzi chodzaza khoma lonse. Chinali cha mayi wina atakhala pa makina osokera. Nkhope yake inali yobiriwira ngati tsamba, manja akuluakulu kuposa mutu. Nsalu yotuluka m'makinamo inkatsetsereka n'kusanduka msewu, ndipo mumsewumo munkayenda tianthu ting'onoting'ono, aliyense atavala zatsopano. Dzina la wojambula panalibe.

A Sizisuluka anakhala pachidebe mpaka dzuwa linafika pamutu. Zithunzi anali ataona zambiri, koma ichi chinawalowa mumtima, ndipo anachikonda.

"Chiopseza makasitomala ichi, bambo," anatero mwini sitolo. "Munthu nkhope ngati wadwala."

"Tayang'anani manjawa, mayi. Wojambulayu sanaphonye ayi. Ankadziwa kuti mayiyu anaveka anthu onsewa ndi manja amenewa. Onaninso chala ichi, wachimanga kansanza, singano inamubaya. Munthu wongojambula za m'mutu sangakumbuke kansanza."

"Ndaona, n'zokongola. Koma mupake penti ya mafuta, yoyera, kawiri monga mumachitira. Loweruka ndikutsegula."

Iwo ankadziwa chimene mayiyo sankadziwa. Penti ya mafuta ikagwira chithunzi, kwatha. Ukadzaipala, imachoka nacho. Laimu amangokhala pamwamba, ndipo madzi ndi chiguduli zimamuchotsa. Koma laimu ndi ntchito ya munthu wosasamala, ndipo khoma likanyowa amaulula zonse zili pansi pake. Apa panali posankha: chithunzi kapena mbiri yawo.

Makoma atatu anawapaka penti ya mafuta, yosalala bwino. Khoma lachinayi, la chithunzi lija, analipaka laimu, ataima chotchinga ndowa, manyazi atawagwira ngati mbala. Mwini sitolo anapachikapo machaja ndi zikwama za mafoni, osazindikira kanthu.

Chinsinsicho chinakhala mpaka dzinja. Mvula itagwa masiku anayi osakata, khoma linamwa madzi, ndipo pakati pa machaja panayamba kuoneka maso awiri, kenako manja aja. Mwini sitolo anawaitanitsa, ndipo sanadikire kuti makasitomala atuluke.

"Ntchito yanji imeneyi, bambo? Anthu anandiuza kuti inu ndiye katswiri. Kapena mwakalamba?"

Akanatha kunamizira denga lodontha, ndipo aliyense akanawakhulupirira. Koma anavula chipewa n'kuyandikira khoma, kuwerenga zala chimodzichimodzi. Zonse zinalipo. Mtima wawo unadzaza chimwemwe moti anachita kuluma mlomo kuti asamwetulire.

"Ndakalambadi, mayi," anatero.

Nkhani yotere sichedwa kuyenda. Mwezi womwewo anthu awiri amene anawalonjeza ntchito anatenga opaka ena, ndipo zinawapweteka, tisaname. Mwini sitolo anaitana wopaka wina kuti akonze, koma uja atangokhudza khomalo anapukusa mutu. Anati penti ya mafuta pa laimu sigwira, pokhapokha atatsuka khoma lonse, sitolo itsekedwe sabata yathunthu. Mayiyo za kutseka sitolo sanafune n'kumva komwe.

"Munaononga ndinu, mukonzanso ndinu," anawauza a Sizisuluka.

Kunyumba akazi awo, amene anali atamva zonse, anawayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye mwagulitsa dzina lanu chifukwa cha mkazi wa pakhoma?"

"Ine dzina langa anthu alidziwa zaka makumi atatu. Amene anajambula uja palibe amamudziwa, chake chatsala n'chokhachi."

Dzinja litatha, akazi awowo ndi amene anadzuka m'mamawa kuwasungunulira m'ndowa laimu wokapakanso khoma lija.