Waya Wamkuwa Amene Ndinakoka pa Chonde

Izi si nkhambakamwa ayi, zinandichitikira ine ndemwe, munthu amene ndinkadzitama kuti kuyambira pa Chitakale mpaka pa Chonde palibe angandigonjetse ponenerera mtengo wa zitsulo zakutha.

Chaka china bambo ena a pa Chonde, amene makolo awo anabwera kuno pothawa nkhondo ku Mozambiki, anabwerako ku Joni ndi makina odula zitsulo zolimba ndi kawaya kamkuwa kochepa ngati tsitsi. Anandionetsa mmene amagwirira ntchito: chitsulo chimamizidwa m'madzi oyeretsedwa, kawayako kamayenda osachikhudza n'komwe, koma timoto ta magetsi timadumpha pakati pake n'kumachinyenya pang'onopang'ono motsatira chithunzi cha mu kompyuta. Wayayo amadutsa kamodzi kokha, kenako n'kugwera mumgolo kuseri kwa makina. Mukuganiza kuti ine ndinkaona timototo? Maso anga anali pamgolo basi.

Tinalimbana pa mtengo wa waya wamumgolomo mpaka thukuta, iwo n'kundiuza kuti ndidikire, ndisakhudze kanthu, chifukwa ankamalizitsa chitsulo cha fakitale ina ya tiyi, ntchito yawo yoyamba, yosafunika kuphonya ngakhale pang'onong'ono. Atatuluka kukayankha foni, ndinati ndimveko kulemera kwa katundu wanga, ndiye ndinapisa dzanja mumgolomo n'kukoka.

Abale inu, wayayo anali ndi magetsi! Mkono unauma ngati si wanga, nsagwada zinamangana, ndinagwa chagada ndikuona mdima masana, mtima ukugunda m'makutu, ndikuganiza kuti ana anga akauzidwa kuti bambo awo afera zotaya. Makina analira n'kuima, waya ataduka.

Mmene bambo aja ankalowa n'kuti nditadzuka, dzanja lili m'thumba, ndipo ndinanama kuti magetsi anaphethira. Anayang'ana babu, anayang'ana thumba langa, kenako anavuula chitsulo chija n'kundionetsa kamzere kamene kanachiwononga. Sanandikalipire. Anangondifunsa, akunditchula kuti achimwene, ngati ndinali bwino, n'kunena kuti wayayo nditenge pa mtengo wanga womwe uja.

Ndipo ndinatengadi, manyazi ndilibe! Fakitale ija sinawapatsenso ntchito, moti mpaka lero minibasi ikaima pa Chonde ndimaweramira pansi ngati ndikumanga nsapato. Ndazindikira tsopano kuti munthu wokukhululukira mwakachetechete amapweteka kuposa magetsi, choncho mwini makina akakuuzani kuti dikirani, manja anu akhale kumbuyo. Mtengo ndinatsitsadi, koma tandiuzani, tsiku limenelo anapambana ndani?