Achimwene Osakhazikika Kumsika wa Pamalire

Achimwene anga, oyamba kubadwa m'banja mwathu, sankatha kukhala pansi. Kwathu ku Mphunzi aliyense ankawadziwa ndi zimenezo. Amayi akawatuma mchere kugolosale, ankabwerako dzuwa litapendeka, mchere osagula, koma akudziwa kuti ng'ombe ya akatekisiti yaswa ndiponso kuti denga la chigayo likudontha mbali iti. Kusukulu ya mishoni anakwapulidwa mpaka aphunzitsi anatopa okha. Pa Misa ankagwedeza mwendo, benchi yonse n'kumanjenjemera. Mwana wanga, amene ndi namwino, amati masiku ano madokotala ali nalo dzina khalidwe limeneli, akuti ADHD. Ife tinkangoti ndi kusamva.

Tonse tinadabwa atapeza ntchito ya utolankhani ku Blantyre. Inali nthawi ya chipani chimodzi, mtolankhani ankayamba wayeza liwu lililonse asanalilembe. Amayi ankapemphera kolona kuti pakamwa pa mwana wawo pasamuike m'mavuto.

Nkhondo ya ku Mozambiki itafika povuta, anthu anayamba kuthawira kwathu, mitolo pamutu, ana kumsana. Ine ndinali nditakwatiwa kale, ndikuphunzitsa papulayimale. Loweruka lina m'mawa achimwene anangotulukira pakhomo, malaya atakoleka mabatani mosemphanitsa.

"Achemwali, tiyeni kumalire," anatero asanapereke n'komwe moni. "Azimayi othawa nkhondo sangandiuze ine zakukhosi. Inu akuuzani."

Tinakwera njinga ya amuna anga. Pamalire panali kamsika, kanjira kafumbi kokha ndiko kankalekanitsa maiko awiriwa. Anthu a mbali zonse ankagulitsa kachewere, kabichi ndi nyemba. Tinapeza bambo wina wokalamba amene anawoloka dzulo lake, ndipo anavomera kutifotokozera mmene mudzi wawo unawotchedwera.

Ndinachita manyazi tsiku limenelo. Mkuluyo akulankhula zomvetsa chisoni, achimwene maso anali mwamba, uku ayang'ana, uko ayang'ana, cholembera chikugogoda pabondo. Ndinawatsina. Sanamve n'komwe. Kenako anamudula mkuluyo pakamwa.

"Pepani agogo. Kodi njira yotsika m'phiri ilo anthu amadutsamo nthawi zonse?"

"Tsiku la msika simutha anthu," anayankha mkuluyo.

"Chifikireni ife simunatsike munthu. Mbuzi izo zikuthamanga zopanda mbusa. Ndipo amayi a tsidya ilo akumanga mitolo msika usanadzaze." Anaimirira. "Agogo, nyamukani. Achemwali, auzeni azimayi onse atsikire kukhwawa, osathamanga."

Mawu awo anali odekha, oti sindinawamvepo chibadwire. Ndinamvera. Tisanafike kukhwawa, mfuti zinalira kuphiri kuja. Msika wonse unabalalika. Madengu anagubuduzika, anthu ena anagwerana. Koma munthu amene kunyumba ankasowa nsapato yake m'mawa uliwonse anaima chilili pakati pa chipwirikiti, akuloza anthu kolowera, wina kumukoka dzanja, wina kumutula katundu.

Kukhwawa mayi wina wa tsidya lija anayamba kulira mokuwa. Khanda linali kumsana, koma mwana wake wamkazi wamkulu sankaoneka.

"Wavala diresi lobiriwira, ali ndi bala pabondo?" anafunsa achimwene.

Mayiyo anagwedeza mutu kuvomera.

"Anali pansi pa ngolo ya kabichi, akudya nzimbe."

Mwanayo achimwene anangomuona kamodzi, podutsa, nthawi ija ine ndinkati sakumvetsera. Ndinawagwira malaya kuti asapite, koma anandichotsa dzanja pang'onopang'ono n'kukwera kumsika kuja chowerama. Ndinayamba Tikuoneni Maria, ndipo sindikudziwa kuti ndinabwereza kangati. Anabwera atamunyamula mwanayo ngati thumba la ufa, nzimbe ikadali m'manja mwake.

Mfuti zinaleka dzuwa lili pamutu. Tinamva pambuyo pake kuti asilikali amene ankaomba mfutizo sanafike pamsika, anathera m'midzi ya kuseri kwa phiri. Tinabwerera wapansi, mayi uja ndi ana ake ali nafe, mkulu uja titamukweza panjinga.

Titafika, achimwene anazindikira kuti kope lawo latsala kumsika. Anatenga makope a ana anga a sukulu n'kukhala pakhonde. Kuyambira masana mpaka nkhuku kulowa sanadzuke, sanadye, sanamve amayi akuwaitana. Analemba mawu onse a mkulu uja, ngakhale mayina a mitengo imene inapsa pabwalo la mudzi wawo. Nditawerenga ndinalira, chifukwa zina zimene mkuluyo ananena ine ndinali nditaziiwala kale.

Ndinawafunsa ngati sanachite mantha.

"Mantha ndimachita muofesi, pakakhala zii," anatero akuseka. "Kuja zinthu zimathamanga mofanana ndi mutu wangawu. Ndiye ndinapuma."

Nkhaniyo siinatuluke yonse. Akuluakulu a kuntchito kwawo anasiyako timizere tochepa tonena kuti alendo alandiridwa bwino m'boma la Dedza, n'kuwachenjeza kuti zamfuti asazitchulenso. Zinawapweteka. Mapepala otsalawo anakawapatsa abambo mfumu a kuparishi kwathu. Patapita milungu ingapo kunabwera galimoto ya mabulangete ndi ufa. Kaya zinali chifukwa cha mapepala aja, ine sindidziwa, ndipo iwo sanadzitamepo.

Mayi uja anakhala nafe mpaka nkhondo itatha. Amayi anamudulira kamunda kumunsi kwa dimba lathu, ndipo ankalima nyemba zoposa zathu. Mwana wake ndinamulembetsa m'kalasi mwanga. Achimwene akabwera patchuthi, mwanayo ankawathamangira kumsewu akufuula kuti atsibweni afika, ngakhale panalibe amene anamuuza kuti aziwaitana choncho.