Magwafa a Kuseri kwa Thanki

Dzulo kumsika wa ku Area 2, fungo la magwafa akupsa linandibwezera kumpanda wa ku Area 10, kumene amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa a Phiri, bambo wosaka nyama amene mfuti yawo inkakhala yokhomeredwa m'kabati.

Kuseri kwa thanki ya madzi kunali kampata kopanikiza kothera pamtengo wa magwafa umene ana tinaletsedwa. Tsiku lina masana ndinalowako n'kudzaza magwafa m'diresi. Potembenuka ndinaona mfuti yaing'ono m'masamba ouma, pakati pa ine ndi potulukira. Polowa ndinali nditaidumpha osaiona. Kumbuyo kwanga kunali khoma la magalasi osweka pamwamba.

"Esitere, usasunthe!" Anali a Phiri. "Usaikhudze, si yanga imeneyo. Amake Esitere, imbirani apolisi!"

Nkhani ya Hava ndi chipatso ndinkaidziwa. Ndinati apolisi akudzatenga ine, ndipo amayi ntchito yatha. Nyerere zinkandiluma m'miyendo, koma ndinauma ngati mkazi wa Loti.

A Phiri anakwera pathanki ndi makwerero, n'kundikokera pamwamba. Titatsikira kunja, magwafa onse anakhuthukira pansi.

"Pepani bwana," ndinalira.

"Tola udye, mwanawe."

Iwo anaima padzuwa pakhomo pa kampatako, kulondera mfutiyo osaigwira, mpaka apolisi anafika n'kunena kuti mwina anaiponya ndi akuba pothawa.

Lero ndikamapemphera ndimakumbukira kuti Atate akumwamba, monga a Phiri tsiku lija, anandipeza ndi tchimo m'diresi, koma maso awo anali pa imfa imene inagona pafupi ndi mapazi anga.