Mvuu Inabangula Bwato Litapita

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha kalata. Ndinalembera ku kampu ya asikauti a nyama kupempha malo, iwo nandikana. Koma a Sakala, mphunzitsi amene ankatsogolera bandi ya malipenga ku Mambwe, ataona kalembedwe kanga m'kalatayo, imene asikautiwo anawaonetsa, ananditenga kuti ndizikopera manotsi a nyimbo.

A Sakala anali atapeka nyimbo yopanda mawu, yotsata nkhani ya m'buku lina lonena za msodzi wa pa Luangwa. Kalarineti inali bwato, chitoliro chinali nkhwazi, ndipo tuba, lipenga lalikulu lija, inali mvuu. Iwo anali ndi chipepala cha zida zonse zoimbira pamodzi. Ine ndinkalembera woimba aliyense pepala lakelake, mizere isanu ndi rula, manotsi ndi inki yakuda. Pamene chida chikhala chete ndinkawerenga mabaa, ndiwo timagawo ta nyimbo, n'kulemba nambala yokha. A Mbewe, oimba tuba, anayenera kudikira mabaa 64.

Tsiku loyeserera komaliza, tisanakaimbire alendo ku loji ya Chinzombo, msodzi anawoloka, nkhwazi inalira, kenako mvuu inabangula yokhayokha bwato litapita kale. Bandi yonse inafa nako kuseka.

"A Mbewe, mvuu yanu yachedwa kudzuka!" anatero wa chitoliro.

"Ine ndawerenga sikisite-folo, momwe palembedwera," anayankha a Mbewe.

A Sakala anandiloza ndi kandodo kawo. "Iwe Tembo, kuwerenga sudziwa. Mawa usabwere."

Sindinakangane nawo. Ndinatolera mapepala onse n'kuwayala pabenchi. Pa la kalarineti, pa la chitoliro, ngakhale pa chipepala chawo chomwe, mabaa asanu ndi atatu anali atakhwatchidwa ndi pensulo yabuluu, imene ankagwiritsa ntchito iwo okha. Anafupikitsa nyimbo osandiuza. Pepala la tuba analidumpha, chifukwa pamalopo panalibe manotsi oti akhwatche, koma nambala basi.

A Sakala anayang'ana mapepalawo. "Lemba fifite-sikisi," anatero. Kupepesa ayi.

Ntchito sinandithere. Kuyambira tsikulo sindinalolenso munthu, ngakhale mwini nyimbo, kusintha baa imodzi osasaina m'mphepete, ndipo nyimbo ikasintha ndinkayamba kuona mapepala a zida zokhala chete. Pepala la a Mbewe ndili nalo mpaka lero. Pansi pa 56 pakuonekabe 64 yanga, ndipo inali yolondola tsiku limene ndinailemba.